Mtsikana wa M'filimu Sindinali Ine

1

Ndine telala, ndili ndi zaka 57, ndipo ndakhala pabanja zaka 36 ndi mwamuna mmodzi. Anthu a mumsewu wathu akamalangiza ana awo ofuna kukwatira amaloza nyumba yathu. "Taonani Aphunzitsi ndi akazi awo, munawamvapo akukangana?" Zoonadi sanatimvepo. Koma zimene ndikufuna kukuuzanizi zinachitika m'banja lomwelo, ndipo zinayamba ndi kamera.

Mwana wathu wotsiriza timamutchula Mafunso, chifukwa chiyambire kuyankhula sanasiyepo kufunsa. Amaphunzira zojambula mafilimu kukoleji. Chaka chomaliza wophunzira aliyense amayenera kupanga filimu yakeyake, ndiye iye anasankha ife.

"Filimu ya chiyani? Nkhalamba ziwiri zikuwodzera pasofa?" anaseka bambo ake.

"Ababa, anzanga ambiri makolo awo anasiyana kalekale. Ndikufuna anthu aone kuti zimatheka. Tidzaionetsanso tsiku lokumbukira ukwati wanu, abale onse ali pompo."

Loweruka lina m'mawa anafika ndi kamera ya miyendo itatu komanso nyali ziwiri zothobwa m'maso. Anakankha tebulo la pabalaza, anachotsa kalendala pakhoma, n'kutikhazika pasofa moyandikana kuposa mmene timakhalira masiku onse. Anatipanikiza timaiki pamakolala. Amuna anga anavala jekete imene ndinawasokera chaka chimene anapuma ntchito.

Mafunso oyamba anali osavuta. Nyumba yoyamba inali yotani, ndani amayamba kupepesa, ndani amaliza mkonono. Tinaseka, tinalozana zala. Kenako mwana uja anayang'ana kapepala kake.

"Ababa, ndi tsiku liti limene munadziwa kuti uku ndiye kukonda munthu?"

Ndinkayembekezera nthabwala, poti amuna anga nkhani zachikondi amazizemba. Koma anavula magalasi n'kuyang'ana pazenera.

"Kunali mvula," anatero. "Ndinali nditangoyamba kumene uphunzitsi. Ndinamanga makope a ana 60 pakaliyala ya njinga, tcheni n'kuduka pakati pa msewu. Mvula ija inabwera ngati yachita kutumidwa. Ndiye kunatulukira mtsikana. Moni sanapereke, sanafunse kanthu. Anangovula juzi yake yofiira n'kufunditsa makope aja, iye n'kutsala ndi kabulauzi. Anandiperekeza mpaka kusukulu, ine ndikukankha njinga, iye atagwirizira makope, akuseka njira yonse. Titafika pakhonde ndinamuyang'ana. Madzi ankatsika m'tsitsi, kudutsa pa kachipsera ka pachibwano, n'kumadontha. Ndinati mumtima, Mulungu, ngati mumapatsadi anthu, ine ndipatseni uyu."

Mawu awo anali atasintha, anali mawu a mnyamata. Zaka zonsezi ndinali ndisanawamvepo akuyankhula choncho.

Mafunso ankapukuta misozi kuseri kwa kamera. "Amayi! Bwanji simunandiuzepo zimenezi?"

Pamenepo amuna anga anadzidzimuka ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Anatembenuka n'kundiyang'ana, nkhope itagwa. Kagetsi kofiira ka pakamera kanali kakuyakabe. Ndinamwetulira.

"Zakale zimenezo, mwanangu," ndinatero.

Ine sindinavalepo juzi yofiira moyo wanga wonse. Mtsikana wa mvulayo sindinali ine.

2

Mafunso atangotuluka pageti ndi zikwama zake, ndinalowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndinamva masilipasi a amuna anga akukwekwereza mpaka pakhomo.

"Mayi," anatero. "Lilime linaterereka."

"Lilime limaterereka mawu amodzi, Bambo. Inu mwakamba mphindi zisanu, mpaka mtundu wa juzi."

"Mwanayu anandifunsa modzidzimutsa."

"Chabwino, nanenso ndikufunseni modzidzimutsa. Tsiku loyamba limene munayenda nane ine, ndinavala chiyani?"

Anayang'ana kudenga ngati yankho linalembedwa pamalata.

"Diresi," anatero potsiriza.

"Eya, diresi. Mumayesa ndikanavala thumba la simenti?"

Mbale inandipulumuka n'kusweka m'sinki. Anayandikira kuti aone ngati ndadzicheka, koma ndinabweza dzanja.

"Ndimuimbira foni achotse chigawo chimenecho," anatero.

"Akafunsa chifukwa chake mumuuza kuti chiyani? Si Mafunso ameneyu?"

Anabwerera pabalaza.

Masana omwewo ndinanyamula zovala zawo, nsapato, ndi wailesi yawo yaing'ono, n'kukaziunjika kuchipinda chimene kale ankagona mwana wathu wachisamba. Sanatsutse. Anangoyala bedi la m'menemo okha, mapazi awo akutulukira kunsi chifukwa linali lalifupi.

Ndikuuzeni zoona pano. Mkwiyo wanga unali weniweni, nsanje inkandiotcha pachifuwa ngati ndameza khala la moto. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha, ndipo ndinkakweza mawu kuti ndisawamve manthawo.

3

Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi, kumanja kuli wometa, kumanzere wogulitsa zitsulo za njinga. Muli makina awiri osokera, ayironi, kalilole wamtali, ndi mashelufu a nsalu za makasitomala. Lachitatu masana ndinali kupinda siketi ya yunifolomu pamene Mafunso analowa, laputopu ili kukhwapa. Sanandipatse moni.

"Amayi, takwezani mutu."

"Chavuta n'chiyani?"

Anandigwira chibwano ndi zala ziwiri, monga ndinkamugwirira iye pomupukuta kukamwa ali mwana, n'kunditembenuzira kowala. Anayang'anitsitsa.

"Palibe," anatero chapansipansi.

Mwendo wanga unasiya kupalasa makina.

"Podula filimu mawu amodzimodzi umawamvera kambirimbiri," anatero. "Ulendo woyamba ndinalira. Wachiwiri ndinalira. Wachisanu ndi pamene ndinamva bwinobwino. Kachipsera ka pachibwano. Amayi, m'banja mwathu muli munthu mmodzi yekha wa chipsera pachibwano."

Ndinayamba kusalaza siketi ija ndi dzanja.

"Ndi Amayi aakulu, eti?"

Akulu anga, bere limodzi, amandiposa zaka zitatu. Ndi namwino wopuma, amakhala tauni ina, ulendo wa maola anayi pabasi. Chipseracho anachipeza tili ana, atagwera pamwala akuthamangira kudzandilanditsa kwa galu. Anakwatiwapo, koma ukwati unatha patangopita zaka ziwiri, ndipo sanabereke. Ana anga anawatenga ngati awo. Mafunso kamera yake yoyamba anamugulira ndi iwowo.

"Ankakondana ine ndisanalowepo," ndinatero. "Anasiyana. Patapita nthawi bambo ako anakwatira ine."

Zonsezi zinali zoona. Kungoti ndinadumpha pakati.

"Ndiye zaka zonsezi Ababa akhala nanu, mtima uli kwina?"

"Kawafunse eni ake."

Misozi inabwera yokha, sindinachite kuiitana. Mwana wanga anandikumbatira, akundisisita kumsana. "Pepani Amayi, pepani. Ine ndi amene ndaputa zimenezi ndi kamera yangayi."

"Usawauze achimwene ako," ndinatero. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti asanafike pamsewu waukulu akhala atawaimbira kale.

4

Wachisamba wathu ndi makaniko, ali ndi galaja yakeyake, ndipo ndi wa mtima wapachala. Ine amandikonda mopitirira. Tsiku lotsatira anafika nthawi ya nkhomaliro, ovololo ili girisi yekhayekha, n'kuima pakati pa balaza osafuna mpando. Mafunso anali kumbuyo kwake.

"Ababa, ndikufuna yankho limodzi lokha. Amayi aakulu akamabwera kuno tchuthi chilichonse, amadzaona ife kapena inu?"

Bambo ake anatseka nyuzi pang'onopang'ono. "Samala pakamwa pako, iwe. Chikwatirireni amayi akowa, palibe chimene chinachitikapo pakati pa ine ndi alamu anga. Ngakhale kukhala awiriwiri m'chipinda chimodzi."

"Nanga mumtima?"

"Ndinakumbukira, basi. Ndine nkhalamba, ndinafunsidwa, ndinakumbukira."

"Pamaso pa amayi anga! Munthu amene wakhala akuwerama pamakina mpaka msana kupindika kuti ife tiphunzire! Inu mwavala jekete yosoka iwo n'kumayamikira wina?"

Amuna anga anandiyang'ana. Sankapempha kuti ndiwateteze, ankangoyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

Wachisamba uja anatulutsa foni, anadina nambala ya amayi ake aakulu, n'kuiika patebulo kuti tonse timve. Inaitana kawiri.

"Halo, mwanangu," anatero mawu a akulu anga, osangalala. "Lero wandikumbuka? Galimoto zakupatsa mpata?"

"Ndaimba kuti ndikuuzeni kuti kumwambo wa makolo anga musabwere. Komanso pakhomo pano musadzapondenso. Tadziwa zonse."

"Wati chiyani? Mwanangu, ndi iwe amene ukuyankhula?"

Foniyo inali pafupi ndi ine, kungotambasula dzanja ndikanaigwira. Ndikanati, "Akulu, musamumvere, wapenga." Sindinatambasule. Mwana anadula foni.

Muyenera kudziwa chinthu chimodzi chokhudza mwana ameneyu. Pobadwa anabwera chamiyendo, dokotala atachokapo. Akulu anga ndiwo anali pantchito tsiku limenelo. Analimbana nane kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo atamutulutsa anali wosalira. Anamupumira mkamwa mpaka anatsokomola. Popanda iwo, tonse awiri bwenzi tili kumanda.

M'mawa mwake foni yanga inalira ndili kushopu.

"Mng'ono wanga, ndalakwa chiyani?" Mawu awo anali osasa, a munthu amene walira nthawi yaitali.

"Bambo awo anakamba zakale pakamera. Ana akwiya."

"Zakale? Ine ndinakanidwa, ndinameza. Paukwati wako ndinaphika, ndinavina mpaka nsapato kuduka. Ndinatsegulapo pakamwa?"

"Ayi."

"Ndinawayang'anapo amuna ako ndi diso lina?"

"Ayi, Akulu."

"Nanga bwanji mwana amene ndinamutulutsa ndi manja angawa akundipirikitsa ngati wakuba?"

"Ndiyankhula naye," ndinatero.

Sindinayankhule naye.

5

Panapita milungu iwiri. M'nyumba munali zii ngati muli maliro. Amuna anga ankadzichapira okha malaya, n'kumawayanika mokhota. Chakudya ndinkawasiyira patebulo chovindikira, nthawi zambiri ndinkachipeza mmene ndinachisiyira. Lamba anamuboola chibowo china. Ana sankawaimbira. Mayi woyandikana nafe anandifunsa pampanda, "Aphunzitsi akudwala kodi?" Ndinati ndi chimfine.

Ndichite manyazi, koma ndinene. Masiku amenewo panali kena kake kamene kankandikomera. Ana anali mbali yanga. Kwa nthawi yoyamba wolakwa m'nkhani imeneyi anali wina, ndipo ine ndinali wolakwiridwa.

Loweruka masana ndikusesa tizidutswa ta nsalu kuti nditseke shopu, ndinaona anthu atatu pakhomo. Amuna anga atavala jekete ija, Mafunso atanyamula kamera, ndi wachisamba wathu nkhope ili gwaa.

"Ndawaitana ndine," anatero amuna anga. "Ndinalakwa pamaso pa kamera, ndipepesanso pamaso pa kamera. Mwanawe, yatsa."

Tinatseka chitseko. Anakhala pakampando ka makasitomala, manja ali pamawondo.

"Mtsikana wa mvula uja ndi alamu anga," anayamba. "Tinakondana zaka ziwiri. Atapeza malo kusukulu ya unamwino, kutali, ine ndinawaletsa. Ndinali wansanje komanso wopusa. Tinakangana koopsa, anachoka tisanatsanzikane. Keyala yawo ndinalibe, ndiye ndinkapita kwawo kukafunsa mng'ono wawo, awa. Patatha miyezi inayi awa anandibweretsera uthenga: akuti muwaiwale, asankha ntchito. Ndinadwala, ana inu. Ndinagona milungu itatu. Amene ankabwera kudzandiona, kundichapira, kundikakamiza kudya, ndi amayi anuwa. Wina ananditaya, wina ananditola. Ndiye ine chitsiru, pakutha pa zaka zonsezi, ndikuyamikira wonditaya pamaso pa wonditola."

Anatsika pampando. Mawondo awo analira pamene ankagwada pasimenti, pakati pa ulusi ndi tizidutswa ta nsalu. Bambo wa zaka 63, amene anaphunzitsa theka la anthu a mumsewu wathu.

"Mayi, ndikhululukireni."

Ndakhala ndikunama zaka zambiri, ndipo ndinkayesa kuti palibe chimene chingandigwedeze. Koma nditaona pamwamba pa mutu wawo, dazi lija ndi timvi tozungulira, china chake chinaduka m'kati mwanga. Mafunso anatambasula dzanja kuti azimitse kamera.

"Usazimitse," ndinatero. "Dzukani, Bambo. Woyenera kugwada muno si inu."

Pangodya ya shopu pali makina anga akale, amene ndinaphunzirira kusoka ndili mtsikana. Ali ndi chovindikira chansalu ziwiri zophatikiza, chimene ndinasoka ndekha. Ndinachivula, ndinatenga lezala, n'kuyamba kudula ulusi wa msoko wa m'munsi. Ndinadzicheka chala. Onse atatu ankangondiyang'ana. Ndinapisa dzanja pakati pa nsalu zija n'kutulutsa envulopu yofiirira ndi ukalamba.

"Kalatayi ndi yanu," ndinauza amuna anga. "Yachedwa ndi zaka 38."

6

Pamene kalatayo inkabwera ndinali ndi zaka 19. Aphunzitsi achinyamata aja ndinawakonda tsiku loyamba limene anabwera kwathu kudzacheza ndi akulu anga. Ndinkawapatsa madzi akumwa, iwo n'kulandira kapu maso ali kwina. Ankanditchula "kamlamu". Zaka ziwiri ndinali wotumidwa wawo, kunyamula timakalata uku ndi uku, mtima ukundipweteka.

Akulu anga atakhala kusukulu miyezi inayi, ananditumizira envulopu yaikulu. M'kati munali kalata yanga ndi ina yomata. Analemba kuti, "Iyi ukapereke m'manja mwake, poti ahedi a pasukulu pawo amatsegula makalata a aphunzitsi." Ndinaitsegula ndi nthunzi ya ketulo. Nditaiwerenga, sindinaipereke. Katatu konse ndinayesa kuiponya pamoto, dzanja linkakana. Ndiye ndinaisokerera m'chovindikira chija.

Zonsezi ndinazinena ndili chiimire, kamera ikujambula. Amuna anga anali atakhalanso pampando. Anatulutsa pepala lija, anavala magalasi, anawavula, anawavalanso.

"Sindikuona," anatero. "Mwanawe, tandiwerengera."

Mafunso anawerenga, mawu akudukaduka.

"Wokondedwa wanga, ndinayankhula mwaukali, undikhululukire. Sukulu sindisiya, koma iwenso sindikusiya. Zonse ziwiri zitheka ukandidikira. Ndifika pa 12 mwezi wamawa ndi basi ya m'mawa. Ngati ukundifunabe, ukandipeze padepoti. Ndikapanda kukuona ndidzadziwa yankho lako, ndipo sindidzakuvutitsanso."

M'shopu munangomveka makina a wometa kuseri kwa khoma.

"Anabwera?" anafunsa amuna anga.

"Anabwera."

"Anadikira?"

"Tsiku lonse."

"Inu munawauza kuti chiyani?"

"Kuti ndinapereka m'manja mwanu, munawerenga, n'kuiika m'thumba osanena kanthu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati akuchonga mayeso a mwana amene walakwa zonse.

"Ine pa 12 ndinali kuti?"

"Munali kudwala, m'nyumba mwanu. M'mawa umenewo ndinakubweretserani malalanje."

"Malalanje," anatero. "Ndikuwakumbukira. Munandisendera."

Wachisamba wathu anatsetsereka pakhoma mpaka kukhala pansi, manja ali kumutu. "Amayi," anatero, mawu ngati a kamwana. "Munali pompo. Munandisiya ndiwatukwane, inu mukudziwa."

Mafunso anazimitsa kamera osandiyang'ana.

Amuna anga anapinda kalata ija motsatira mizere yake yakale, anaiika m'thumba la m'kati mwa jekete, n'kuimirira. Ndinkafuna alalate, aswe kalilole, anditchule dzina lililonse loipa. Anangotsegula chitseko n'kutuluka, n'kuchitseka bwinobwino.

7

Nditafika kunyumba ndinapeza kachikwama kawo kakang'ono kulibe, mswachi kulibe, mankhwala awo kulibe. Foni yawo inali yozima. Wachisamba wathu sankayankha. Mafunso ananditumizira uthenga umodzi wokha: "Ababa ali bwino. Achimwene awatenga pagalimoto."

Sanachite kundiuza kumene apita, ndinkadziwa kale.

Masiku asanu ndi anayi ndinakhala ndekha m'nyumba muja. Kushopu ndinasoka mkono wa malaya chagada, ndinadula nsalu ya diresi la mkwatibwi mofupikitsa. Geti likangolira ndinkathamangira pazenera. M'mutu mwanga ndinkawaona awiriwo atakhala pamodzi, akuseka monga ankasekera kale, ine nditaima pambali ndi kapu ya madzi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi masana ndinawapeza atakhala pakhonde, kachikwama kali pambali. Anali atameta ndevu, koma maso anali olowa.

"Mwabwera," ndinatero.

"Ndabwera."

"Munapita kwa akulu anga?"

"Ndinapita. Wachisamba wathu anali ndi chopepesa chake, ine ndinali ndi kalata yoti ndiwaonetse. Anayenera kudziwa kuti sindinawanyoze. Masiku enawa ndinali kwa mng'ono wanga, ndinkafuna kuganiza."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani, Mayi? Mukuganiza kuti nkhalamba ziwiri zingabweze zaka 38 zitakhala pakhonde? Tinawerenga, tinalira, ndinatsanzika. Munthu amene ndinkamukumbukira uja kulibe. Kuli mayi wa imvi wovutika ndi mawondo, amene wakhala moyo wake wonse akuganiza kuti sanali woyenera ngakhale kuyankhidwa."

Ndinagwira chipilala cha khonde. "Mwabwera kudzatenga katundu wanu?"

"Ndabwera kwathu. Ana anga anakulira muno. Munandisamala zaka 36, zimenezo si bodza, ndipo ine ndinakukondani, kaya mukhulupirira kaya ayi. Koma musandifunse ngati ndakhululuka, chifukwa sindikudziwa." Anandiyang'ana. "Mukudziwa chimene chikundisowetsa mtendere? Mukanandipatsa kalata ija, mwina ndikanapita kudepoti. Mwinanso ayi, poti ndinali wonyada kwambiri masiku amenewo. Mwina tikanakwatirana n'kulekana chaka chomwecho, ine n'kudzakuonani inu ndi maso anga. Munandilanda mpata wosankha. Tsopano ine sindidzadziwa ngati ndikanakusankhani, inunso simudzadziwa."

Ananyamula kachikwama n'kulowa. Anapitirira chitseko cha chipinda chathu, n'kukalowa kwa bedi lalifupi kuja.

8

Mwambo wokumbukira ukwati sunachitike. Abale tinawauza kuti Aphunzitsi sakupeza bwino. Mafunso anakapereka kukoleji filimu ina, ya wometa woyandikana nane uja, yojambula mothamanga. Za ife anazisunga. Anati sadzazionetsa kwa munthu pokhapokha ine, bambo ake ndi akulu anga titavomera, ndipo anawonjezera kuti, "Amayi, ndimakukondani, koma pakadali pano musandiimbire tsiku lililonse."

Patatha mwezi ndinakwera basi. Ndinapeza akulu anga akuthirira maluwa kuseri kwa nyumba. Atandiona sanasiye kuthirira. Ndinagwada pa udzu wonyowa.

"Dzuka, udetsa diresi," anatero.

"Akulu, ndabwera kudza..."

"Ndikudziwa chimene wabwerera." Anatseka mpopi. "Ndinaima padepoti paja kuyambira 8 koloko mpaka basi yomaliza. Ndinakana kukhala pansi, kuopa kuti akabwera sandiona. Sindinapite ngakhale kukamwa madzi. Koma zimenezo ndinazikwirira kalekale. Za mwamunayo sizikundiwawanso, ndakalamba. Ukudziwa chimene chikundiwawa?"

Ndinapukusa mutu.

"Nditabwerako ndinafikira kwa iwe. Ndinagoneka mutu pamiyendo pako n'kulira, iwe ukundisisita tsitsi, ukuti, 'Musalire Akulu, amuna ndi otero.' Dzanja lako ndimalikumbukira mpaka lero. Zaka zonsezi ndikamva kuwawa ndinkati, koma ndili ndi mng'ono wanga. Chimene wandilanda ndi chimenecho."

Ndinalira. Iwo sanalire.

"Sindikukuthamangitsa," anatero. "Ndiwe mwana wa mayi anga. Koma usandifulumizitse. Basi ya 3 koloko ikadalipo, ukafulumira uipeza."

Ndinaipeza.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukufuna kumva kuti ndinalangidwa mokwanira, kapena kuti zonse zinatha bwino. Sindingakuuzeni chilichonse mwa ziwirizi. Amuna anga akadali m'nyumba muno. Timadya limodzi, nthawi zina amaseka, koma amagonabe kuchipinda china. Mwana wanga wamwamuna amapita kwa amayi ake aakulu mwezi uliwonse, anawakonzera denga ndi mpopi, ndipo akabwera kuno amandipatsa moni mwaulemu ngati mlendo.

Ndinkadziuza kuti ndinali mwana, kuti ndinachita chifukwa cha chikondi, kuti ukwati wabwino wa zaka zambiri unafafaniza zonse. Koma mtsikana wa zaka 19 uja ndikhoza kumumvera chisoni. Amene sindingamuikire kumbuyo ndi mayi wa zaka 57, amene anakhala pabalaza foni ili pafupi ndi dzanja lake, n'kulola mwana wake anyoze munthu wosalakwa kuti bodza lake likhale ndi moyo tsiku lina limodzi. Ngati pali chimene munabisira munthu amene amakukhulupirirani, musaganize kuti munalakwa kamodzi kokha kalekale. Tsiku lililonse limene akukusekererani, inu n'kukhala chete, mukulakwanso.

Lamlungu lililonse masana ndimawaimbira akulu anga. Nthawi zambiri foni imangoitana mpaka kuduka. Mlungu wathawu anayankha. Anandifunsa ngati ndikumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndinati eya, iwo anati, "Usamadumphitse," n'kudula. Sananditchule kuti mng'ono wanga. Lamlungu likubwerali ndiimbanso. Ulendo uno wodikira ndine, ndipo sindikhala pansi.